Kufufuza nkhani za mankhwala mu PubMed uli pa famase ya ku Dedza

Wodwala amene akumwa ma ARV a dolutegravir akapezeka ndi chifuwa chachikulu cha TB, malangizo amati timuwonjezere piritsi lina la dolutegravir la 50 mg kuti azimwa kawiri pa tsiku. Amene amakhala pawindo la famase ku Dedza boma, ku Lobi kapena ku Mtakataka amazidziwa zimenezi. Koma ophunzira obwera kudzazolowera ntchito amafunsa kuti n'chifukwa chiyani, ndipo ena amafika atamva kale zoti ku South Africa kunachitika kafukufuku wosonyeza kuti piritsi lowonjezeralo mwina n'losafunika. Yankho la funso lotere lilipo, linalembedwa, ndipo munthu angalipeze pa foni ndi bandulo yochepa. Chimene chimavuta ambiri ndi kafunsidwe, pakuti nkhokwe za kafukufuku zimangobweza mawu amene mwalemba, zimene zili mumtima mwanu sizizimva. Tiyeni tiyende nalo funso la dolutegravir limeneli kuchokera poyamba.

Nkhokwe yoyambira ndi PubMed, yoyendetsedwa ndi National Library of Medicine ya ku Bethesda m'dziko la United States. Mizu yake ndi yakale. Mu 1879 dokotala wa asilikali John Shaw Billings anayambitsa Index Medicus, kaundula wosindikizidwa wa nkhani za m'magazini a zachipatala. Kaundulayo analowa m'makompyuta n'kukhala MEDLINE mu 1971, PubMed inabwera mu 1996, ndipo mu 1997 inatsegulidwa kwa aliyense mwaulere. Lero muli zolembedwa zoposa 35 miliyoni. Simufunika kulipira kapena kulembetsa dzina kuti mufufuze. Chofunika kumvetsa n'chakuti PubMed ili ngati stock card ya m'sitolo yathu ya mankhwala: imakuuzani kuti chakutichakuti chilipo ndi pamene chili, koma khadilo si mankhwalawo. Chimene mumapeza ndi mutu wa nkhani, olemba, magazini, chaka, ndi chidule. Nkhani yonse nthawi zambiri imakhala kwina, ndipo tifikako.

Musanagwire foni, lembani funso papepala. Ambiri amadumpha apa, ndiye amalemba "TB and ARVs" n'kulandira nkhani zikwizikwi, n'kutopa pa tsamba loyamba. Funso labwino la zachipatala limakhala ndi miyendo inayi, imene m'makalasi amaitcha PICO: anthu ake ndi ati, akupatsidwa chiyani, tikuyerekeza ndi chiyani, ndipo tikufuna kuona chotsatira chiti. Funso lathu likhala lotere: mwa akuluakulu amene ali ndi HIV ndi TB ndipo akumwa mankhwala a TB a rifampicin, kodi kumwa dolutegravir kamodzi pa tsiku kumapondereza tizilombo m'magazi mofanana ndi kumwa kawiri? Mukalilemba chonchi muona nokha kuti mawu osenza funsoli ndi awiri okha, dolutegravir ndi rifampicin. Si miyendo yonse inayi imene imalowa m'bokosi lofufuzira. Iwiri kapena itatu imakwana, ndipo yotsalayo mumaigwiritsa ntchito posankha nkhani zoti muwerenge.

Mayina a mankhwala ndi amene amagwetsa anthu a famase ambiri, chifukwa timakhulupirira kuti mayinawo timawadziwa. Pawindo timati LA, Panado, Bactrim, Fansidar. Mukalemba LA mu PubMed simupeza mankhwala a malungo, chifukwa dzina limeneli ndi lathu lino; kunja amati artemether-lumefantrine, ena amatchula dzina la malonda loti Coartem. Ngakhale mayina enieni amene tinaphunzira kusukulu sagwirizana nthawi zonse ndi a ku America, kumene nkhokweyi ili. Rifampicin wathu kumeneko ndi rifampin. Paracetamol ndi acetaminophen, salbutamol ndi albuterol, adrenaline ndi epinephrine, glibenclamide ndi glyburide. Kalembedwe ka matenda nakonso kamasiyana: anaemia ndi anemia, diarrhoea ndi diarrhea. PubMed imayesetsa kukulumikizirani mayinawa yokha, ndipo mukalemba rifampicin imafufuzanso rifampin mosakuuzani. Koma mukangoika mawu m'zizindikiro za mawu ogwidwa, kapena kuwadula ndi kanyenyezi (*), thandizo limeneli limazima. Google Scholar ndi nkhokwe zina zing'onozing'ono musazidalire kuti zikuchitirani zimenezi. N'chifukwa chake ndi bwino kuzolowera kulemba mayina onse amene mukuwadziwa.

Mayinawo amalumikizidwa ndi timawu titatu, AND, OR ndi NOT, tochokera ku masamu a George Boole wa ku England wa zaka za m'ma 1800. Tilembeni ndi zilembo zazikulu. OR amasonkhanitsa: rifampicin OR rifampin ibweretsa nkhani iliyonse yotchula limodzi mwa mayina awiriwo. AND amachepetsa: nkhani iyenera kukhala ndi zonse ziwiri. Msampha uli pakusakaniza. PubMed imawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, choncho mukalemba dolutegravir AND rifampicin OR rifampin, iyamba yapeza nkhani za mankhwala awiri oyambawo, kenaka n'kuthirapo nkhani zonse za rifampin zimene zinalembedwapo, ngakhale za khate zimene zinatuluka dolutegravir asanapangidwe. Mankhwala a vutoli ndi kutsekera mawu a gulu limodzi m'mabulaketi. Njira imene ine ndimakonda, makamaka pa foni pomwe n'kosavuta kuphonya bulaketi, ndi yofufuza gulu lililonse palokha. Fufuzani dolutegravir. Fufuzani rifampicin OR rifampin. Kenaka pitani pa tsamba la Advanced, pomwe pali History, mndandanda wa zonse mwafufuza uli ndi manambala ake, ndipo lembani #1 AND #2. Mukatero mumaona kuchuluka kwa nkhani pa sitepe iliyonse, ndipo pakalakwika mumadziwa pamene palakwika. Pa tsamba lomwelo pali Details, pamene mukadina mumaona mawu enieni amene makinawo agwiritsa ntchito m'malo mwa anu. Ndi anthu ochepa amene amayang'anapo, koma pamenepo m'pamene mungadziwe ngati PubMed yakumvani kapena yasochera.

NOT ndi woopsa, ndipo chitsanzo chake chili kwathu konkuno. Mukafufuza dzina la Malawi, pamodzi ndi nkhani za odwala mumalandiranso mulu wa nkhani za nsomba, chifukwa mbuna ndi nsomba zinzake za m'nyanja yathu zafufuzidwa kwambiri ndi akatswiri a zamoyo. Munthu wofufuza za likodzo la kunyanja, monga limene timaliona mwa ana a kumunsi kwa Mtakataka, angaganize zolemba NOT fish kuti ayeretse mndandanda. Akatero wataya nkhani zofunika kwambiri, zofotokoza mmene kuchepa kwa nsomba zodya nkhono kumbali ya Cape Maclear kungakhudzire kuchuluka kwa nkhono zofalitsa likodzo. NOT sayang'ana kuti nkhaniyo ndi yabwino kapena ayi. Akangoona mawuwo, watulutsa. Ndi bwino kutopa ndi kudumpha nkhani zosafunika ndi maso anu.

Tsopano MeSH. Olemba nkhani amatchula chinthu chimodzi m'njira zambiri, ndiye kuyambira 1960 laibulale ya ku Bethesda ija ili ndi mndandanda wa mawu okhazikika, Medical Subject Headings, amene amamatidwa pa nkhani iliyonse ya mu MEDLINE. Kaya wolemba anati rifampicin kapena anatchula dzina la malonda, nkhaniyo imamatidwa mutu wa Rifampin. Mituyi inasanjidwa ngati nthambi, moti mukafufuza Tuberculosis mumatenganso TB ya m'mapapo, ya muubongo, ya mumsana ndi zina zonse zimene zili pansi pake. Palinso mutu wa Drug Interactions, wa nkhani za kulimbana kwa mankhwala m'thupi, umene munthu wa famase ayenera kuudziwa pamtima. Kale ntchito yomata mituyi inkachitidwa ndi anthu owerenga nkhani imodziimodzi, koma kuyambira 2022 makina ndi amene amamata, anthu n'kumangounika zina. Komabe si zonse za mu PubMed zili ndi MeSH. Nkhani zongofika kumene, ndi za m'magazini amene sali mu MEDLINE, zilibe. Wofufuza ndi MeSH yokha amaphonya zimenezi, ndipo wofufuza ndi mawu ake okha amaphonya zimene zinalembedwa ndi mawu ena. Choncho pa gulu lililonse phatikizani ziwirizi ndi OR: mutu wa MeSH, ndi mawu anu ofufuzidwa mu Title/Abstract (mutu ndi chidule), imene mumasankha pa tsamba la Advanced lomwe lija.

Mukafufuza funso lathu bwinobwino, nkhani zimachepa kufika poti mungathe kuwerenga mitu yake madzulo amodzi, ndipo chifukwa cha piritsi lowonjezera chimaonekera. Rifampicin amadzutsa ma enzyme a m'chiwindi, makamaka UGT1A1 ndi CYP3A, amene amagaya dolutegravir, ndiye dolutegravir amatha msanga m'magazi. Mudzapeza kafukufuku wa INSPIRING, amene anaonetsa kuti kumwa kawiri pa tsiku kumagwira bwino ntchito mwa odwala TB. Mudzapezanso uja ophunzira anamva, RADIANT-TB, wochitikira ku Khayelitsha mumzinda wa Cape Town, amene anatuluka mu The Lancet HIV mu 2023. N'zoonadi kuti omwa kamodzi ndi omwa kawiri anapeza zotsatira zofanana pa sabata ya 24. Koma werengani kupitirira chidule. Anthu ake anali ongopitirira 100 pang'ono, onse anali ndi CD4 (muyeso wa chitetezo cha m'thupi) yoposa 100, ndipo mutu wa nkhaniyo womwe ukunena kuti kafukufukuyu sanapangidwe kuti ayerekeze magulu awiriwo mwachindunji. Odwala TB ambiri amene amagonekedwa m'zipatala zathu amafika CD4 itatsika kale kwambiri, ndiye si anthu amene anayesedwa ku Khayelitsha. Ndi kafukufuku wabwino, wopatsa chiyembekezo, ndipo ndimafuna wophunzira aliyense amuwerenge. Koma sapereka chilolezo kwa munthu wa pawindo ku Bembeke kuti aleke kupereka piritsi lachiwiri. Zosintha mlingo zimadzera m'malangizo a Unduna wa Zaumoyo. Chimene mwapeza pitani nacho ku msonkhano wa m'mawa wa madokotala ndi anamwino kapena ku komiti ya mankhwala ya pachipatala.

Kumbali kwa zotsatira kuli zosefera, ndipo pa foni zimabisala pansi pa batani la Filters. Yothandiza kwambiri ndi ya mtundu wa nkhani. Ngati funso lili loti mankhwala akugwira ntchito kapena ayi, yambani ndi Systematic Review, nkhani zimene olemba ake anasonkhanitsa kafukufuku yense amene alipo n'kumuyeza pamodzi, kenaka Randomized Controlled Trial, kumene odwala anagawidwa m'magulu mwamaere. Bungwe la Cochrane, lomwe linayamba mu 1993, ntchito yake yaikulu ndi ya mtundu woyambawu, ndipo nkhani zake zimapezeka mu PubMed. Nkhani yofotokoza za wodwala mmodzi ili ndi malo ake, makamaka pa zovuta zosowa zobwera ndi mankhwala, koma singatiuze kuti zimachitika kangati. Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Zosefera zimakhalabe zoyaka mpaka mutazizimitsa, moti mutha kufufuza funso lina n'kumadabwa kuti nkhani zachepa bwanji. Ndipo sefa ya Free full text, ngakhale imakopa munthu wopanda ndalama, imabisa nkhani chifukwa cha mtengo wake osati ubwino wake. Yambani mwaona zonse, za kapezedwe muganize pambuyo.

Chaka cha nkhani chili ndi kulemera kwake, ndipo dolutegravir yemweyu watiphunzitsa. Mu 2018 kafukufuku wa Tsepamo ku Botswana anapeza ana 4 mwa 426 obadwa ndi chilema cha msana kapena ubongo kwa amayi amene anatenga pakati akumwa mankhwalawa. Mayiko ambiri anachita mantha. Amayi owerengedwa atachuluka chiwerengerocho chinatsika kwambiri, ndipo mu July 2019 WHO inalimbikitsa dolutegravir kwa anthu onse, amayi oyembekezera omwe. Nkhani ya 2018 ija ikadali mu PubMed, ndipo sinaname, inanena zimene zinkadziwika nthawi imeneyo. Munthu akaitola yokha n'kukaopseza nayo mayi wa ku Linthipe, walakwira mayiyo. PubMed imasanja zotsatira mwa Best match, ndiko kuti zimene makina akuona kuti zikugwirizana kwambiri ndi mawu anu. Sinthani muike Most recent kuti muone zimene zanenedwa posachedwa, ndipo pansi pa nkhani iliyonse yang'anani Cited by kuti muone amene anabwera pambuyo pake. Palinso nkhani zimene zinachotsedwa ndi magazini ake. Mu May 2020 The Lancet inasindikiza nkhani yaikulu ya hydroxychloroquine ndi Covid-19, ndipo mu June inaichotsa chifukwa manambala ake sankatsimikizika. Nkhani zotere PubMed imazisiya koma imaziika chizindikiro choonekera choti Retracted. Pa PDF imene munthu wakutumizirani pa WhatsApp chizindikirocho sichikhalapo ngati anaikopera kale.

Kufufuza za kwathu kuli ndi luso lakelake. Dzina la Malawi mulifufuze ngati mutu wa MeSH, mu Title/Abstract, komanso mu Affiliation, pamene pamalembedwa kumene olemba amagwira ntchito. Nkhani zakale zimati Nyasaland. Boma la Ntcheu m'zolemba zakale ndi Ncheu, ndiye lembani Ntcheu OR Ncheu. Mukalemba Dedza yekha nkhani zimakhala zochepa, ndipo musakhumudwe: kafukufuku wambiri wa dziko lino wachitikira ku Blantyre, Lilongwe, Zomba, Mangochi, Chikwawa ndi Karonga, kumene kuli mabungwe akuluakulu ofufuza. Komanso dzina la boma nthawi zambiri limakhala mkati mwa nkhani, pamene PubMed siwerenga, chifukwa iyo imayang'ana mutu, chidule ndi mawu omatidwa. Apa Google Scholar, imene inayamba mu 2004, imathandiza, popeza imafufuza m'kati mwa nkhani ndipo imatola ndi ma thesis omwe. Kuipa kwake n'kwakuti imatola chilichonse chooneka ngati cha kusukulu, chabwino ndi chachabe.

Zimene munthu amapeza akafufuza za kwathu n'zonyaditsa. Lembani chloroquine AND Malawi. Mudzaona mmene dziko lino mu 1993 linakhalira loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kutenga SP, Fansidar uja, chifukwa tizilombo ta malungo tinali titasiya kumumva. Mudzapeza nkhani ya Miriam Laufer ndi anzake mu New England Journal of Medicine ya 2006, ya ana a ku Ndirande, yosonyeza kuti patatha zaka 12 chloroquine anayambanso kugwira ntchito, kuchiza ana 99 mwa 100 aliwonse, pomwe SP anali atafooka. Komabe dziko silinabwerere ku chloroquine. Mu 2007 tinapita ku LA. Chifukwa chimodzi munthu wa ku Dedza kapena ku Lizulu amachimvetsa msanga, pakuti kwathu kuno malire ndi Mozambique ndi msewu chabe, anthu ndi udzudzu amaoloka tsiku lililonse, ndipo tizilombo tosamva mankhwala tikanabwerera mosavuta kuchokera kumene tinali tikadalipo.

Nkhani yonse imapezeka m'njira zingapo. Yoyamba ndi PubMed Central (PMC), nkhokwe yaulere ya nkhani zathunthu imene inatsegulidwa mu 2000. Mukaona batani la PMC pambali pa chidule, dinani. Yachiwiri, imene ambiri m'maboma saidziwa, ndi Hinari. WHO inaiyambitsa mu 2002 pogwirizana ndi makampani osindikiza magazini, ndipo lero ili pansi pa Research4Life. Malawi ali m'gulu la mayiko amene mabungwe ake oyenerera, monga zipatala, masukulu a zaumoyo ndi maofesi a boma, amawerenga mwaulere magazini amene kwina amalipiritsa madola ambiri pa nkhani imodzi. Amalembetsa ndi bungwe, osati munthu payekha, choncho funsani akuluakulu a pachipatala panu kapena woyang'anira laibulale ya sukulu imene munaphunzira ngati analembetsa, ndipo ngati sanatero, apempheni. Mawu achinsinsi olowera ndi a ogwira ntchito pamalopo, si oponya m'magulu a pa foni. Yachitatu ndi kulembera wolemba nkhaniyo. Adiresi yake ya imelo nthawi zambiri imakhala pa tsamba la chidule, ndipo ofufuza ambiri amasangalala kumva kuti wina wa pa chipatala cha kumudzi akufuna kuwerenga ntchito yawo.

Magazini ambiri a mu Africa sali mu PubMed. Malawi Medical Journal, yotuluka ku Kamuzu University of Health Sciences mogwirizana ndi bungwe la madokotala la dziko lino, ilimo ndipo ndi yaulere. Ena mukawapeza pa African Journals Online, imene inayamba mu 1998, ndi pa African Index Medicus ya WHO. Mabokosi awo ofufuzira ndi osavuta koma alibe nzeru zolumikiza mayina, ndiye fufuzani kangapo ndi mawu osiyanasiyana. Pa nkhani za mankhwala azitsamba ndi kasungidwe ka mankhwala m'zipatala zing'onozing'ono, kumeneku ndi kofunika kufikako. Nkhokwe ina yotchedwa Embase ndi yamphamvu kwambiri pa za mankhwala koma ndi yolipira. Samalani ndi magazini achinyengo amene amasindikiza chilichonse bola wolemba alipire, popanda akatswiri ena kuunika. Amadzitcha mayina akuluakulu ndipo amalonjeza kusindikiza m'masiku owerengeka. Mukakayika, fufuzani dzina la magaziniyo mu NLM Catalog, kaundula wa laibulale ya ku Bethesda ija, muone ngati ili mu MEDLINE, kapena mu DOAJ, kaundula wa magazini aulere amene anaunikidwa.

Netiweki ya kwathu imabwera n'kupita, makamaka m'zigwa za kuseri kwa phiri, ndipo History ya PubMed imafufutika pakapita maola angapo osaigwira. Choncho kafufuzidwe kakayenda bwino, koperani mawu onse monga momwe alili, muwasunge m'foni pamodzi ndi tsiku limene munafufuza ndi kuchuluka kwa nkhani zimene zinatuluka. Amene akulemba lipoti la kusukulu adzafunsidwa zimenezi. Nkhani iliyonse ili ndi nambala yake ya PMID pansi pa mutu, ndipo nambala imeneyi yokha ikwanira kuti mnzanu wa ku Ntcheu aipeze nkhaniyo poilemba m'bokosi. Mukatsegula akaunti yaulere, pansi pa bokosi lofufuzira pali Create alert. Mukadina pamenepo pa funso la dolutegravir ndi rifampicin, PubMed izikutumizirani imelo sabata iliyonse kapena mwezi uliwonse, monga mwasankhira, ya nkhani zatsopano zokha zimene zalowa.